Beacon ya mafunde aatali imadalira frequency yosagwedera

Akonzi,

Tipatseni danga m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi ophunzira zamagetsi m'makoleji athu komanso amisiri okonza mawailesi amene ali ndi chidwi ndi wailesi ya amateur, yolumikizirana anthu ongoikonda osati yamalonda. Nkhani yathu ndi ya beacon ya pa mafunde aatali, transmitter imene imangobwereza callsign yake, dzina la zilembo ndi manambala lozindikiritsa siteshoni, yokha usiku wonse kuti anzathu akutali ayese kuigwira. Munthu akaganiza zopanga chinthu chotere amathamangira kufunsa za mawati, kuti ma MOSFET amphamvu, ma transistor okuza siginolo, awapeza kuti. Ife tikuti funso limenelo liyambe ladikira. Pa mafunde amenewa chimene chimafikitsa siginolo kutali ndi frequency yosagwedera komanso kadulidwe kabwino ka siginolo, kamene amisiri amati keying.

Malo ake ndi opanikiza. Msonkhano wa 2007 wa ITU, bungwe la dziko lonse logawa mafunde a wailesi, unapatsa anthu a amateur kachigawo koyambira 135.7 mpaka 137.8 kHz, ndipo wa 2012 unawonjezera 472 mpaka 479 kHz. Kachigawo koyambako ndi ka 2.1 kHz basi, moti mawu a munthu mmodzi pa SSB, njira yotumizira mawu yosadya malo ambiri, sangakwanemo. M'kachigawo kameneka mphamvu yochoka pa eriyo kupita m'mlengalenga, imene amisiri amaiyeza ngati EIRP, isapitirire 1 W. Dziwaninso kuti zimene ITU yagwirizana si chilolezo. Kuno kwathu chilolezo ndi callsign yoyamba ndi 7Q zimachokera ku MACRA, ku Zambia zimachokera ku ZICTA ndipo callsign imayamba ndi 9J. Funsani mwa kalata ngati chilolezo chanu chikukhudza magawo amenewa, komanso ngati mukuloledwa kusiya transmitter ikugwira ntchito inu palibe.

Chifukwa chimene mawati sathandizira kwenikweni chili pa eriyo. Pa 137 kHz funde limodzi ndi lotalika pafupifupi mamita 2,200. Waya woima wa mamita 10, ngakhale mutamuyalira mawaya ena pamwamba, amakhala ndi radiation resistance, gawo la resistance limene limasandutsa magetsi kukhala mafunde, yosapitirira 0.033 ohm, pamene nthaka, koyilo ndi mitengo yoyandikira zimadya mwina 50 ohm. Mukalowetsa mawati 50 mu eriyo yotere mumayenda 1 A, ndipo chimene chimapita kumwamba ndi 0.1 W EIRP chabe. Kuti mufike pa 1 W mukufunika mawati 500. Mphamvu yonse yotsalayo imangotenthetsa dothi.

Njira yotsika mtengo ndi kuchepetsa liwiro. Phokoso limene wailesi imalandira limakula molingana ndi kutambalala kwa malo amene ikumvetsera, ndiye mukatumiza pang'onopang'ono womvera akhoza kupanikiza malowo. Morse wamba wa mawu 12 pa mphindi ali ndi kadontho ka sekondi 0.1. Mu QRSS3, Morse wotumizidwa pang'onopang'ono kwambiri, kadontho ndi ka masekondi 3, kutalika ka 30, ndipo phindu lake ndi pafupifupi 15 dB, ngati kuti mawati 50 asanduka 1,500. Mu QRSS30, ya kadontho ka masekondi 30, phindu limafika 25 dB. Apa khutu siligwiranso ntchito. Womvera amaona tizidutswa ta mizere pa kompyuta pogwiritsa ntchito mapulogalamu ngati Argo kapena Spectrum Lab. Ndi mwa njira imeneyi mu 2001 munthu wa ku England ndi mnzake wa ku Canada anatumizirana uthenga pa 136 kHz kudutsa nyanja ya Atlantic, ndipo kucheza kwawoko kunatenga masiku ambiri.

Koma phindu limenelo mumalipeza pokhapokha siginolo ikakhala m'kanjira kake. Pa QRSS30 kompyuta ya womvera imagawa mafunde m'tizigawo ta pafupifupi 0.03 Hz. Gawo limodzi pa miliyoni, limene timati 1 ppm, pa 137 kHz ndi 0.137 Hz, kutanthauza tizigawo tinayi. Oscillator, kachipangizo kopanga frequency, ikasuntha 1 ppm mkati mwa kamzere kamodzi, mphamvu yanu imamwazika m'tizigawo tinayi ndipo pa galasi pamangooneka chifunga. Onaninso nthawi yake: zilembo ziwiri zokha, 7 ndi Q, ndi zotalika ngati timadontho 29, ndipo pa QRSS30 amenewo ndi masekondi 870, mphindi 14 ndi theka. Callsign yonse imatha kupitirira theka la ola, ndipo nthawi yonseyo frequency isachoke pamalo.

Nchifukwa chake oscillator ya koyilo ndi capacitor ilibe ntchito pano. Njira yakale yodalirika ndi kutenga crystal ya frequency yapamwamba n'kuigawa. Crystal ya 4.400 MHz yogawidwa ndi 32 imapereka 137.5 kHz, chimodzimodzi ya 8.800 MHz yogawidwa ndi 64, ndipo kachipangizo kamodzi ka 74HC4060 kamakhala oscillator komanso chogawira. Chenjerani ndi crystal ya 4.433619 MHz imene imapezeka m'ma TV akale a PAL odzaza m'mashopu a amisiri. Imakopa chifukwa njaulere, koma mukaigawa ndi 32 imagwera pa 138.55 kHz, 750 Hz kunja kwa malire. Kuti ilowe mkati pafunika kuikokera pansi ndi 24 kHz, ndipo palibe crystal imene ingalole zimenezo. Yabwino ndi ya 3.579545 MHz, yopezeka m'matelefoni akale a m'nyumba: igaweni ndi 13 pogwiritsa ntchito 74HC163, kenako ndi 2 pogwiritsa ntchito 74HC74, mupeza 137.675 kHz, mkati mwa chigawo chakumtunda kumene anthu a QRSS amasonkhana. Kugawa ndi 2 komalizako nkofunika kwambiri, chifukwa ndiko kumalinganiza mbali ziwiri za funde kuti ma MOSFET awiri azigwira ntchito nthawi yofanana.

Pali kulakwitsa kumodzi kofala. Ena amaganiza kuti kugawa kumakonza crystal yoipa. Ayi. Crystal ya 4.4 MHz ikasuntha 10 ppm yasuntha 44 Hz, ndipo mukagawa ndi 32 patsala 1.4 Hz. Ma hertz achepa koma 10 ppm ikadali 10 ppm, ndipo 1.4 Hz ndi tizigawo toposa 40 pa QRSS30. Crystal wamba imasuntha chonchi mosavuta pakati pa kutentha kwa masana ndi chisanu cha m'bandakucha, makamaka m'nyumba ya malata.

Mdani wamkulu ndi kutentha kosinthasintha, ndipo mankhwala ake ndi osavuta. Oscillator ikhale m'kabokosi kakekake kachitsulo, kokutidwa ndi styrofoam yochindikala masentimita 3 kapena kuposa, kutali ndi heat sink ya ma MOSFET ndi mphepo ya fani. Ma capacitor a m'mbali mwa crystal akhale a mtundu wa NP0 kapena C0G. A ceramic wamba amasintha kwambiri akatenthedwa. Ikhale ndi regulator yakeyake, monga 78L05, yosagawana ndi china chilichonse, ndipo regulatoryo ikhale kunja kwa kabokosiko kuti isaziwotcha crystal. Ipatseni theka la ola itayaka musanatumize kanthu. Amene angakwanitse agule TCXO, oscillator yodzikonza yokha kutentha kukasintha, kapena OCXO, yokhala m'kauvuni kake, koma TCXO muiyese kaye, pakuti ina imadzikonza modumphadumpha, ndipo kudumpha kulikonse kumaoneka ngati sitepe pa mzere wanu.

Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito synthesizer, kachipangizo kopanga frequency imene mwaiuza, yolamulidwa ndi kakompyuta kakang'ono ka Arduino. Kabolodi ka AD9850 kali ndi clock ya 125 MHz ndipo sitepe yake yochepetsetsa ndi 0.029 Hz. Vuto lake ndi loti clock imeneyo imatentha ndipo imayendayenda, choncho nayo imafuna kukutidwa. Ngati sitepeyo yakukulirani, pangani frequency yochulukitsidwa ka 16, pafupifupi 2.2 MHz, muigawe ndi 16 kunja, sitepe itsika kufika pa 0.002 Hz. Synthesizer ina, Si5351A, imene ilinso mu beacon yodziwika ya Ultimate3S ya QRP Labs, imayendera crystal ya 25 kapena 27 MHz, ndipo kuti itsike kufika ku 137 kHz muyenera kuyatsa chogawira chake chomaliza, R divider. Posintha frequency pakati pa uthenga musachite reset ya PLL, gawo la m'kati lochulukitsa frequency ya crystal. Sinthani manambala ogawira okha. Reset iliyonse imadula funde pakati ndi kutulutsa kaphokoso.

Chimene chimamaliza nkhani ya frequency ndi GPS. Kachipangizo kotchipa ngati NEO-6M kamatulutsa kugunda kumodzi pa sekondi iliyonse. Uzani Si5351A kuti potulukira pena izitulutsa 2.5 MHz, ndipo Arduino iwerenge mafunde amenewo kwa masekondi 40 a GPS. Zonse zikakhala bwino iwerenga 100,000,000 ndendende; kusiyana kwa 1 ndi 0.01 ppm. Kenako pulogalamu ikonze nambala ya crystal. Koma kukonzako kuzichitika beacon ikapuma, osati ili mkati motumiza, apo ayi mudzipangira nokha masitepe amene munkathawa aja.

Tsopano keying. Lamulo loyamba: oscillator isazimitsidwe. Izingoyenda usana ndi usiku, ndipo kudula kuchitike kutsogolo kwake. Crystal ikangoyatsidwa imayamba pa frequency ina n'kumatsetsereka kupita pa yake, ndiye kadontho kalikonse kamayamba ndi ngowe. Relay nayonso si yoyenera pano, chifukwa timilomo take timanjanja tikamakhudzana ndipo timatha msanga pa makina osapuma.

Kuphwanya lamulo lachiwiri ndiko kwapsetsa ma MOSFET ambiri. Ma transmitter ochuluka a mafunde aatali, kapena kuti LF, ndi a Class D: ma MOSFET awiri, monga IRF540 kapena IRFP250, amayatsidwa mosinthana kuchokera potulukira pawiri pa 74HC74, Q ndi mnzake wotembenuzidwa, kudzera mu driver ngati TC4427. Mukadula clock isanalowe mu 74HC74, kachipangizoko kamaima pomwe kanali, mbali imodzi ili mmwamba ina pansi. Ndiye kuti MOSFET imodzi yatsala yoyaka, ndipo pakati pa 24 V ndi nthaka pangotsala mipukutu yochepa ya waya wa kopa wa mu transformer. Fyuzi ikachedwa, MOSFET imapsa munthu asanaphethire. Dulirani kutsogolo kwa 74HC74, ndi ma AND gate awiri a 74HC08, kuti kiyi ikamasulidwa ma gate onse awiri a MOSFET agwere pa 0 V. Onjezerani chitetezo china: capacitor ya 100 nF pakati pa logic ndi driver, resistor yotsitsira kunthaka ndi diode, kuti ngakhale oscillator itafa kapena Arduino itauma, ma MOSFET azime okha pakangodutsa kanthawi. Pa gate iliyonse ikani resistor ya 10 ohm pafupi penipeni ndi mwendo wake. Kumbukirani kuti pa drain pamafika kawiri ka mphamvu ya supply kuphatikizapo timinga todumpha, choncho IRF540, imene malire ake ndi 100 V, isapatsidwe zoposa 24 V.

Kudula ndi logic kuli ndi choipa chake: siginolo imayamba ndi kutha mwadzidzidzi, ndipo zimenezi zimamwaza timaphokoso ta "thi, thi" mbali zonse. M'kachigawo ka 2.1 kHz mnansi wanu alibe kothawira. Ena amati eriyo isefa yokha, koma werengani: eriyo ya 300 pF ili ndi reactance ya pafupifupi 3,900 ohm, ndipo ndi zotayika za 50 ohm Q yake, muyeso wa kasefedwe kake, ndi 77, kutanthauza kuti imalola 1.8 kHz, pafupifupi chigawo chonse. Musayesenso kufewetsa pochepetsa drive pang'onopang'ono, pakuti MOSFET ya Class D ikakhala pakati, yosayaka yosazima, imangotentha. Pofewetsera ndi pa supply ya ma drain. Ikani MOSFET ya P-channel ngati IRF9540 panjira ya magetsi, ndi resistor ndi capacitor pa gate yake, kuti mphamvu izikwera ndi kutsika m'kati mwa mamilisekondi 5 mpaka 10. Dongosolo lake ndi ili: drive iyambe, supply ikwere, pomaliza supply itsike, drive idzazime pambuyo. MOSFET imeneyi nayo iikidwe pa heat sink.

Ife timakonda njira zosadula siginolo pafupipafupi, zodalira kusuntha frequency pang'ono. Mu DFCW kadontho ndi kamzere n'zotalika mofanana koma zimakhala pa frequency ziwiri zoyandikana, ndipo nthawi yotumiza callsign imatsika kufika pafupifupi theka kapena kucheperapo. Ngati mukusuntha crystal ndi varactor diode, musaiwale kuti chogawira chimagawanso kusunthako: kuti mupeze 0.25 Hz pa 137 kHz kudzera mu 32, crystal isunthe 8 Hz. Njira ina ya WSPR, yowerengedwa ndi kompyuta, imene Joe Taylor, wa callsign K1JT, anatulutsa mu 2008, imagwiritsa ntchito frequency zinayi zotalikirana 1.46 Hz, zizindikiro 162, kwa masekondi 110.6, ndipo pa LF imatumizidwa pakati pa 137.4 ndi 137.6 kHz. FST4W, njira yofanana nayo imene inabwera mu pulogalamu ya WSJT-X 2.3, ili ndi nthawi za masekondi 120, 300, 900 ndi 1,800, ndipo pa 1,800 frequency zinayizo zimatalikirana mosafika 0.1 Hz. Pamenepo popanda GPS kapena OCXO musadzivute. Ubwino wa njira zimenezi ndi woti Class D imazinyamula bwinobwino. Kuipa kwake nkoti pa WSPR ndi FST4W transmitter siipuma pakati, choncho heat sink ndi transformer ziyesedwe pa mphamvu yonse kwa nthawi yonseyo.

WSPR imafunanso nthawi yolondola. Imayamba sekondi imodzi mphindi yogawika ndi 2 itayamba, ndipo mukaphonya ndi masekondi angapo palibe amene akuwerengeni. Apa kuthimathima kwa magetsi kumalowa m'nkhani. Magetsi akabwera, pulogalamu isathamangire kutumiza: idikire GPS igwire masetilaiti, iwerenge theka la ola loti oscillator itenthe, ndiyeno iyambe. Chabwino koposa ndi kupatsa oscillator, GPS ndi Arduino batire laolao la 12 V, kuti ziziyakabe ngakhale amplifier itazima.

Musalumikize eriyo musanaike low-pass filter. Class D imatulutsa funde la makona anayi lodzaza ma harmonic, mafunde ena a frequency yanu yochulukitsidwa. Wachitatu wa 137.5 kHz ali pa 412.5 kHz, m'chigawo cha ma beacon otsogolera ndege, ndipo wachisanu ali pa 687.5 kHz, pakati pa mawailesi a medium wave. Filter yosavuta ya 50 ohm ndi makoyilo awiri a 58 µH motsatizana, capacitor ya 22 nF kopita kunthaka kumayambiriro, 47 nF pakati, ndi 22 nF kumapeto. Ma capacitor akhale a polypropylene opirira 630 V kapena kuposa. A mitundu ina amatentha n'kuphulika.

Kuyesa kuchitike pa dummy load, resistor ya 50 ohm yoikidwa m'malo mwa eriyo, kwa maola 24, wailesi ili pambali ikujambula mzere wanu pa Argo. Mzerewo umaulula matenda onse. Ngowe kumayambiriro kwa kamzere kalikonse ikutanthauza kuti supply ikugwa amplifier ikayaka ndipo kugwako kukufika ku oscillator, kapena siginolo ya transmitter ikulowa m'kabokosi. Mzere wopendekera mbali imodzi pa uthenga wonse ndi kutentha kwa heat sink kumene kukufika pa crystal. Wokhotakhota ngati njoka ndi mphepo yolowa m'kabokosi. Masitepe ndi TCXO kapena pulogalamu ya GPS imene ikukonza nthawi yolakwika. Timizere tina toonekera 50 kapena 100 Hz mbali zonse ndi supply yosasefedwa bwino. Koma musaweruze transmitter musanatsimikize wailesi yoyeserayo, pakuti nayo imasuntha, ndipo sound card ya kompyuta imathanso kuphonya. Jambulani pambali siginolo ina yodalirika, monga yogawidwa kuchokera ku oscillator ya 10 MHz yomangidwa ku GPS. Mizere yonse iwiri ikamakhota limodzi, wolakwa ndi wailesi.

Pa eriyo penipeni pali ngozi imene sitingaidumphe. Eriyo ya 300 pF ija imafuna koyilo ya pafupifupi 4.5 mH, ndipo 1 A ikamayenda pamwamba pa koyiloyo pamakhala mavolti pafupifupi 3,900. Mangani mpanda kuti ana ndi ziweto asafikepo, ndipo koyilo ikhale m'chidebe chapulasitiki chosalowa madzi, kutali ndi udzu wouma. Nyengo ya dzinja mphezi zimadzaza phokoso pa mafunde aatali, choncho miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo yabwino kuyesera, ndipo mitambo ikayamba kuda chotsani eriyo ku transmitter muilumikize kunthaka. Mvula kapena mame zikanyowetsa ma insulator ndi masamba a mitengo, capacitance ndi zotayika zimasintha, eriyo imachoka pa resonance, ndipo ma MOSFET amayamba kukoka magetsi molakwika. Ikani kakoyilo kozungulira m'kati mwa koyilo yaikulu, kamene timati variometer, kuti muzikonzera, ndipo panjira ya supply ikani resistor ya 0.05 ohm ndi comparator ngati LM393 yoti izizimitsa drive magetsi akapitirira mlingo umene mwaika. Comparatoryo ikazimitsa isadziyatsenso yokha. Idikire munthu abwere adzaone chimene chachitika.

Ife okonda wailesi ya amateur,
Zomba